William Crowther ndi Masewera a Mawu Okhaokha

Ana a sukulu a masiku ano akamva za masewera a pa kompyuta, maganizo awo amathamangira ku zithunzi zoyenda ndi phokoso la pa foni ya m'manja. Koma ulipo mtundu wina wa masewera, wakale ndithu, umene ulibe chithunzi ngakhale chimodzi. Makina amalemba ziganizo zingapo zofotokoza malo amene wosewera waima ndi zinthu zimene zamuzungulira. Iye amayankha polemba chimene afuna kuchita. Makinawo nalembanso chimene chatsatira. Nkhani imayenda chotero, mosinthanasinthana, kufikira wosewerayo atapeza chuma kapena atagwera m'dzenje. Munthu amene adatchukitsa masewera a mtundu umenewu ndi William Crowther wa ku America, ndipo mbiri ya ntchito yake iyenera kudziwika kwa iye amene akukonzekera kuphunzitsa chinenero, pakuti zida zonse zimene Crowther adapatsa wosewera zidali ziwiri zokha, mneni ndi dzina.

Crowther adabadwa m'chaka cha 1936. Adaphunzira sayansi ya fizikisi pa sukulu yaikulu ya Massachusetts Institute of Technology, imene ambiri amangoitchula kuti MIT, natsiriza maphunziro ake mu 1958. Pa nthawi imeneyo kompyuta idali chinthu chodzaza chipinda, chogulidwa ndi boma, masukulu aakulu kapena makampani olemera okha, ndipo anthu odziwa kuilamula adali owerengeka. Kompyuta payokha siidziwa kanthu. Imafuna munthu woilembera malamulo limodzilimodzi, m'ndondomeko yake, osasiyapo ngakhale kanthu kakang'ono kamene munthu wamoyo akadangokazindikira yekha. Ndipo mndandanda wa malamulowo ndiwo umatchedwa pulogalamu. Imeneyi ndiyo idakhala ntchito ya Crowther. Adayambira ku Lincoln Laboratory, malo a kafukufuku a MIT yomweyo, ndipo pambuyo pake adatsata mkulu wake wa pa ntchito, Frank Heart, kunka ku kampani ya Bolt Beranek and Newman, kapena kuti BBN, mumzinda wa Cambridge m'chigawo cha Massachusetts.

Kumeneko adagwira ntchito imene akatswiri a makina amaiyesa yaikulu koposa zonse zimene adachita. Chakumapeto kwa 1968 boma la America lidapatsa BBN ntchito yokonza makina olumikiza makompyuta a malo otalikirana kuti azitumizirana mauthenga pa mawaya a telefoni. Ukonde umenewu udatchedwa ARPANET, ndipo ndiwo kholo la intaneti. Makina oyamba adafika pa yunivesite ya California ku Los Angeles kumapeto kwa Ogasiti 1969, uthenga woyamba udadutsa pa 29 Okutobala, ndipo pofika Disembala malo olumikizidwa adali 4. Gawo lina la Crowther m'kagulu ka Heart lidali kuphunzitsa makina kusankha njira. Uthenga udali kudulidwa m'timagawo, kagawo kalikonse nkumayenda pakokha kuchoka pa makina ena kufika pa ena, mpaka kukapeza mwini wake. Munthu wochoka pa boma la Mulanje kupita ku Limbe angathe kudzera ku Thyolo kapena kutsata msewu wa Midima, ndipo akamva kwa oyendetsa minibasi kuti mlatho wina waonongeka, amasintha ulendo wake asanafike pa mlathopo. Malamulo a Crowther adachititsa makina kuchita chomwecho: makina aliwonse adali kuuza anansi awo mosalekeza za nthawi imene uthenga ungatenge kukafika kumalo akutiakuti, kotero kuti onse adali kudziwa njira yachidule ya nthawi imeneyo. Zonsezi zidayenera kukwana m'makina amene malo awo osungira zinthu adali ochepetsetsa, oti chithunzi chimodzi cha pa foni ya lero sichikadakwanamo. Anzake adamudziwa ngati munthu wotha kunena zambiri ndi malamulo ochepa, ndiponso wa chizolowezi chodzikoka ndi manja pa felemu ya chitseko cha ofesi pamene adali kulingalira.

Chizolowezi chimenecho chidali ndi gwero lake, pakuti Crowther adali katswiri wokwera matanthwe. Komanso iye ndi mkazi wake Patricia, amenenso adali wolemba mapulogalamu, adali a m'bungwe la Cave Research Foundation, la anthu ofufuza mapanga. M'chigawo cha Kentucky muli phanga lotchedwa Mammoth Cave, limene madzi adakumba m'miyala ya laimu kwa zaka zosawerengeka. Silifanana ndi mapanga a m'phiri la Mulanje, amene ambiri ndi mipata ya pansi pa matanthwe yoti wotola nkhuni nkubisalamo mvula. Limeneli ndi njira zoyenda pansi pa nthaka, zina zotakasuka ngati tchalitchi, zina zoti munthu adutse chokwawa ndi mimba, zogawikana ndi kukumananso mu mdima wa ndiwe yani. Mmodzi wa anthu amene adalidziwa bwino koposa m'zaka za m'ma 1800 adali Stephen Bishop, kapolo wakuda amene mbuye wake adamuika kuti aziperekeza alendo m'phangamo. Mu 1842 Bishop adajambula mapu a phangalo kuchokera m'mutu mwake, ndipo mapuwo adasindikizidwa mu 1845.

A m'bungwe la Crowther sadadalire kukumbukira. Adali kulowa ndi kampasi, chingwe choyezera ndi kabuku, nkumalemba kutalika ndi kulunjika kwa kachigawo kalikonse ka njira, ndi kuika chizindikiro pa mwala pamene ayezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ulendo wa usana ndi usiku wonse udali kutha kuonjezera kamzere kakafupi chabe pa mapu. Crowther ndi mkazi wake adali kutenga manambala a m'timabukuto ndi kuwalowetsa m'kompyuta kuti ijambule mapu. Mu 1972 Patricia, pokhala wochepa thupi, adadzipanikiza pa kampata kothina napeza kuti njira ikupitirira. Ndipo pa 9 Seputembala chaka chomwecho gulu lotsogozedwa ndi John Wilcox, iye ali momwemo, lidalowa ku mapanga a Flint Ridge ndi kukatulukira ku Mammoth Cave. Zidadziwika tsono kuti mapanga awiriwo ndi phanga limodzi, la mamailosi 144, lalitali koposa onse odziwika pa dziko lapansi. Ofufuza a pambuyo pake adapitiriza kuyeza mpaka kudutsa mamailosi 400.

Chinthu chachitatu chimene chidalowa m'moyo wa Crowther ndi masewera a pa tebulo otchedwa Dungeons and Dragons, amene adatuluka mu 1974 ndipo iye adali kusewera ndi anzake. M'masewera amenewo munthu mmodzi amakhala wokamba nthano, enawo nakhala anthu a m'nthanomo. Wokamba amanena chimene iwo akuona, iwo nanena chimene achite. Pa bwalo la kumudzi agogo akati "Padangotero," ana amavomera kuti "Tili tonse," koma alibe mphamvu yobweza Kalulu pa njira imene wasankha. Apa ndi pamene pali kusiyana: womvera ndiye amayendetsa nthano.

Cha m'ma 1975 ukwati wa William ndi Patricia udatha, ndipo iye adaleka kupita ku mapanga. Adali ndi ana aakazi awiri aang'ono amene sadali kukhala nawo masiku onse, ndipo adafuna chinthu choti azisangalala nacho akabwera kudzacheza. Pakati pa 1975 ndi 1976, pa nthawi yake yopuma, adalemba pulogalamu m'chinenero cha makina chotchedwa FORTRAN, pa kompyuta ya PDP-10 ya ku BBN. Adaitcha Adventure, ndiko kunena ulendo wa zoopsa ndi zodabwitsa. Pambuyo pake idadziwika ndi dzina lakuti Colossal Cave Adventure, ndipo masewera onse a mtundu umenewu adatengera dzina lawo kwa iyo. Cholinga chake chidali chakuti munthu wosadziwa za makompyuta asaope, koma alankhule ndi makina m'mawu a tsiku ndi tsiku.

Wosewera amayamba ali pafupi ndi kanyumba ka njerwa m'nkhalango, pamene pakutuluka kamtsinje. M'kanyumbamo muli makiyi, nyali, chakudya ndi botolo la madzi. Akatsata kamtsinjeko amafika pa chitseko cha zitsulo chokhoma, cholowera pansi pa nthaka. Kuyambira pamenepo malo ambiri amene akufotokozedwa ndi enieni, a chigawo chotchedwa Bedquilt cha Colossal Cave, mbali ina ya mapanga a Mammoth omwewo, chimene Crowther adathandiza kuyeza. M'malo enieniwo adaikamo za m'nthano: golide ndi miyala ya mtengo wapatali, njoka yotseka njira, tianthu tatifupi toponya nkhwangwa, tonga akafula amene amatchulidwa m'mbiri za phiri la Mulanje, ndi mawu amatsenga akuti XYZZY amene amanyamula munthu kuchoka m'phanga kumubwezera m'kanyumba kaja.

Chokoma cha masewerawa chili m'malamulo obisika a malowo, amene munthu amawatulukira mwa kuyesa ndi kulephera, monga poyankha chilapi. Muli kambalame kamene kangathe kugwidwa ndi kuikidwa m'kakhola, koma kamaopa ndodo yakuda imene wosewera amakhala atatola m'njira. Ayenera kuitaya ndodoyo poyamba. Kambalameko kakamasulidwa pamaso pa njoka, njoka imathawa. Ndodo yomweyo ikagwedezedwa m'mphepete mwa phompho, mlatho umaoneka. Woyenda mu mdima nyali ili yozima amagwera m'dzenje, monga momwe woumirira ulendo wa ku Sapitwa chiperoni chitatsika amadziputira tsoka. Mulinso chigawo cha tinjira tokhotakhota tofanana tonse, mmene munthu amazungulira osadziwa kuti wabwerera pomwe adachoka; wanzeru amataya chinthu chimodzi pa malo aliwonse kuti awazindikire. Anthu a m'tsinde mwa phiri la Mulanje sangadabwe ndi malo okhala ndi malamulo awoawo, popeza akuluakulu kumeneko amalangiza kuti wokwera phiri akapeza chakudya chokonzakonza m'njira, adye yekha osaitana mnzake.

Tsono makina adali kumva bwanji mawu a munthu? Yankho lake ndi lakuti sadali kumva konse. M'kati mwa pulogalamu mudali mindandanda. Malo aliwonse adali ndi nambala yake ndi mawu ake owafotokoza, ndipo mndandanda wina udali kunena kuti munthu akakhala pa nambala yakuti nalemba liwu lakuti, apite pa nambala yakuti. Wina atafuna kukonza masewera otere a phiri la Mulanje, akadalemba kuti malo 1 ndi Likhubula, malo 2 ndi Dziwe la Nkhalamba, malo 3 ndi Chambe. Kuti wolemba "kwera" ali pa 1 afike pa 2, akalembanso "kwera" afike pa 3, ndipo akalemba "tsika" abwerere. Liwu limene mulibe m'mndandanda makina amangolikana. Pulogalamu ya Crowther idali ndi mizere ya malamulo pafupifupi 700 ndi ina yochuluka chimodzimodzi ya mindandanda, malo 66 ndi mawu odziwika kwa makina 193. Mwana wa zaka zitatu amadziwa mawu ochuluka kuposa amenewo.

Wosewera adali kuloledwa kulemba liwu limodzi kapena awiri, kawirikawiri mneni ndi dzina, monga GET LAMP, ndiko kuti "tenga nyali." Ndipo pa liwu lililonse makina adali kuyang'ana malembo 5 oyamba okha, chifukwa kachipinda kamodzi kosungira zinthu m'kompyuta ya PDP-10 kadali kukwana malembo 5. M'Chingerezi chinyengo chimenechi chidayenda bwino, pakuti tsinde la liwu limakhala kumayambiriro ndipo zosintha zambiri zimadza kumapeto. Chidapunthwa pa mawu owerengeka, monga NORTH ndi NORTHEAST, amene kwa makina adali liwu limodzi, kotero kuti wofuna kupita kumpoto chakum'mawa adayenera kulemba NE.

Kuyesa lamulo lomwelo pa Chichewa kumaonetsa kamangidwe ka chinenerochi momveka kuposa masamba ambiri a galamala. Polamula, zinthu zimayenda bwino poyamba: "tenga nyali," "tsegula chitseko," "gwira mbalame" ndi ziganizo zathunthu za mawu awiri, tsinde la mneni lili patsogolo. Ngakhale waulemu wolemba "tengani" angamvedwe, popeza malembo 5 oyamba ndi "tenga" yemweyo. Makina sasamala za ulemu. Koma Mchewa satchula nyali kawiri. Akaitchula kamodzi, kachiwiri amati "itenge," ndipo chitseko amati "chitsegule," dzina litalowa m'kati mwa mneni ngati kamphatikiri kogwirizana ndi gulu la dzinalo. Pamenepo makina a Crowther asokera. Akalemba "ndikutenga," "ndikutsika," "ndikupita," "ndikumwa," makina aona "ndiku" m'mawu onse anayi nayesa kuti ndi liwu limodzi. "Tengera," "tengetsa" ndi "tengedwa" asanduka "tenge," ngakhale kutengera munthu chinthu ndi kutengedwa ndi madzi zili zosiyana kutalitali. "Nyumba," "m'nyumba," "kunyumba" ndi "panyumba" zifuna mizere inayi m'mndandanda pamene Chingerezi chikadafuna umodzi, ndipo kuchulukitsa "chitseko" kuti "zitseko" kumasintha mbali yomwe ija imene makina akudalira. Liwu limodzi la Chichewa limasenza wochita, nthawi, wochitidwa ndi ntchito yomwe, ndipo liyenera kuwerengedwa lonse. Mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2 adzakumana ndi ana owerenga monga makina amenewa, oona maphatikizo awiri oyamba ndi kungolota otsalawo. Mwana wotere amaoneka ngati wodziwa kufikira tsiku limene "adapita" ndi "adapika" zidzakhala pa tsamba limodzi.

Ngati makina adali osamva chotero, nchiyani chidakopa anthu? Chachikulu ndi chakuti mawu ofotokoza malo adali a munthu amene adakwawamo ndi mawondo ake. Ndi aafupi, osakometsera, otchula chimene chilipo ndi kumene njira zikulowera. Wowerenga amakhulupirira phangalo, ndipo akalikhulupirira amakhululukira makina kusamva kwawo, nadziimba yekha mlandu kuti sadapeze liwu loyenera.

Crowther adaisiya pulogalamuyo isanathe bwinobwino, ili pa kompyuta ya ku BBN, ndipo mu 1976 adasamukira ku California kukagwira ntchito ku Xerox PARC, malo a kafukufuku a kampani ya Xerox. Koma anthu adayamba kuikopera, ndipo njira imene idayendamo ndi ARPANET, ukonde womwe uja umene iye adauphunzitsa kusankha njira. Chakumayambiriro kwa 1977 Don Woods, wophunzira pa yunivesite ya Stanford, adakopeka nayo nafuna kuikonza ndi kuikuza. Dzina la Crowther lidalimo, koma kumene adali kukhala sikudalembedwe. Woods adatumiza kalata ya pa makina yolembedwa dzinalo ku kompyuta iliyonse ya pa ukondewo, chinthu chimene chidatheka chifukwa makompyutawo adali akadali owerengeka, ndipo kalata imodzi idamupeza mwini wake. Crowther adavomera natumiza malamulo onse. Woods adaonjezera malo ambiri, adachulukitsa chuma kuchoka pa zinthu 5 kufika 15, adaika mapointi 350 oti wosewera azilimbirana, ndi zilombo zina za m'nthano za ku Ulaya. Adaikamonso phiri lophulika moto pansi pa nthaka, chinthu chosatheka m'miyala ya laimu, chimene woyeza mapanga sakadalemba. Gawo la Crowther ndi lodekha ndi loona, la Woods ndi lanthabwala. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo masewera amene adafalikira m'masukulu ndi m'maofesi mu 1977 ndi a anthu awiriwa. Adali aulere, ndipo kumanenedwa kuti kumene adafika ntchito idali kuima kwa masiku angapo.

Otsanzira sadachedwe. Mu 1977 momwemo ophunzira ndi antchito a ku MIT, Tim Anderson, Marc Blank, Bruce Daniels ndi Dave Lebling, adayamba Zork, imene makina ake adali kutha kulandira ziganizo zazitali, ndipo mu 1979 kudakhazikitsidwa kampani ya Infocom imene idadzaigulitsa. Mu 1978 Scott Adams adapanikiza masewera otere, otchedwa Adventureland, m'kakompyuta ka m'nyumba ka TRS-80 nayamba kuwagulitsa. Mu 1980 Roberta Williams, amene adakopeka ndi phanga la Crowther, adatulutsa Mystery House, mmene mawu adatsagana ndi zithunzi. Kuyambira pamenepo zithunzi zidanka zikula, mawu nkumachepa. Ena mwa anthu amenewa adapeza chuma ndi kutchuka. Crowther sadatsate njira imeneyo. Adakhala ku Xerox mpaka 1983, nabwerera ku BBN kukapitiriza ntchito ya makina ndi ukonde, ndipo sadakhale wopanga masewera ogulitsa. Mu 2019 Colossal Cave Adventure idalowetsedwa mu World Video Game Hall of Fame, mndandanda wa masewera a mbiri yaikulu wosungidwa mumzinda wa Rochester ku New York.

Kwa zaka pafupifupi 30 pulogalamu yoyamba ija, ya Crowther yekha, idayesedwa yotayika, ndipo kudali kovuta kulekanitsa za iye ndi za Woods. Mu 2005 Dennis Jerz, mphunzitsi wa Chingerezi pa yunivesite ya Seton Hill, adathandiza kuti ipezeke m'zosungidwa zakale za Woods ku Stanford, nasindikiza zimene adapeza mu 2007. Iye adalowanso m'phanga lenilenilo pamodzi ndi a Cave Research Foundation, akufanizira malo ndi mawu a m'masewera, napeza kuti njira zambiri zili monga momwe zidalembedwera. M'masewerawo muli chipinda china chokhala ndi mwala wolembedwa Y2, chimene osewera ambiri adachiyesa matsenga ena. Ndi chizindikiro cha oyeza mapanga, chosonyeza pamene adagwirizira chingwe.